Akazitape pa Chinkhoswe cha Tadala

Abale anga, ndisanayambe, wina atsekeko chitsekocho. Osati kuti ndikuopa kuti pali amene akumvetsera panja, ayi, kwangozizira basi. Mwaseka eti? Amene mwasekanu ndinu ondidziwa. Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Lameck Chinkhota, kwathu ndi ku Dedza, ndimakhala konkuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, m'kachipinda ka lendi, ndipo ndine chidakwa chimene chinasiya kumwa. Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Tadala. Nkhani yanga ndi ya mmene ndinamutayira mwana ameneyu. Ndikuuzirenitu kuti musadikire kumva kuti ndamupezanso, chifukwa sindinamupeze.

Enanu mowa unakugwirani kudzera pa maliro, ena pa ntchito, ena pa banja. Ine unandigwira kudzera pa mafilimu.

Ndili mwana, pabwalo la sukulu kwathu pankabwera galimoto ya kanema. Ankamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri n'kutionetsa mafilimu akalekale a ku America, aja opanda mitundu, onena za achikomyunizimu. Chizungu sitinkamva, koma panali bambo wa pachimkuzamawu amene ankatimasulira. "Uyu musamuone kuseka, ndi woipa ameneyu!" Nkhani yake inali imodzimodzi nthawi zonse. Munthu wokhala naye pafupi, waulemu, wopatsa ana maswiti, wokonda kufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, kumapeto amapezeka kuti ndi wa chipani chobisika, amakumana ndi anzake m'chipinda cha pansi pa nyumba. Munthu wabwino ndi amene wamuzindikira msanga n'kukamunenera kupolisi. Ife tinkaomba m'manja.

Nthawi imeneyo kwathu kunali chipani chimodzi, ndipo mawu oti chikomyunizimu unkawatchula chonong'ona. Amalume anga, amene anali mphunzitsi, anawatenga ali m'kalasi, choko chili kumanja. Anabwerako kundende mano am'tsogolo atatha, osakondanso kulankhula. Amene anakawanenera sitinamudziwe mpaka lero. Amayi anga ankangotiuza kuti, "Munthu akamakufunsa mafunso ambiri, uzimuyankha za mvula."

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinapeza mwayi wa maphunziro apamwamba pa yunivesite ya ku North York. Ndinabwera ndi mkazi wanga Naphiri, Tadala ali kumsana. Ndipo mukudziwa chimene ndinasankha kufufuza? Mafilimu omwewo. Ndinkafuna kulemba buku loonetsa mmene ankaphunzitsira anthu kuopa anansi awo. Ndinkadziwa zonse: mmene amayikira mthunzi pankhope ya munthu kuti umukayikire asanalankhule n'komwe, mmene opanga mafilimuwo ankaitanidwira pamaso pa akuluakulu a boma kuti atchule anzawo, wokana n'kuchotsedwa ntchito. Ndinkaima kutsogolo kwa ana a azungu, nditavala jekete, n'kumawauza kuti mafilimu amenewa ndi poizoni. Kumutu ndinkadziwa ndithu. Koma ndikamaonera ndekha, amene ankaonera anali mwana uja wa pabwalo la sukulu.

Zotsetsereka ndizifulumiza, chifukwa nonse mukuzidziwa, kungosiyana malo. Mphunzitsi wondiyang'anira anapuma ntchito. Wolowa m'malo mwake sanakonde zolemba zanga. Thandizo la sukulu linatha buku lisanathe. Tinasamukira ku Brampton, ine n'kuyamba kunyamula makatoni ku weyahausi, Naphiri n'kumakwera sitima kukasamalira okalamba ku Oakville. Ndinkati ndi za kanthawi. Ndikaweruka ndinkatsikira ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, n'kuyika filimu, n'kutsegula botolo. Naphiri akafunsa ndinkati, "Ndikupanga risechi." Tadala anayamba sukulu ndikupanga risechi. Anamera mabele ndikupanga risechi. Anamaliza koleji ya unamwino ndikupangabe risechi, osalemba ngakhale tsamba.

Munthu ukalephera umafuna woti umuloze chala. Ine ndinaloza Bambo Phiri. Ndi awo akhala kumbuyoko ndi kapu ya tiyi, a ku Chipata, ndipo andiloleza kuti ndiwatchule.

Tsiku loyamba kukumana nawo kutchalitchi, zaka zambiri zapitazo, anandigwira dzanja osalisiya. "Kwanu ni kuti, amdala? Ku Dedza mbali iti? Mfumu yanu ndani? Mfunda wanu? Nanga amayi aba ni ana ndani?" Atamva kuti mkazi wanga ndi Naphiri anakuwa, "Aaa! Mlongo wanga uyu! Manje imwe ndimwe alamu anga!" Kuyambira pamenepo ankangotulukira kunyumba osaimba foni, atanyamula thumba la ufa kapena kapenta. Ankafunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, buku latsala pati, Tadala ali kalasi yanji.

Poyamba ndinkangowayankha za mvula, kapena ndinene kuti za sinowo. Koma mowa utakhazikika, ndinayamba kulumikiza zinthu. Munthu waulemu. Wopatsa mwana maswiti. Wofunsa za ntchito. Ndinakumbukira kuti sabata imene anandifunsa za buku ndi yomwe sukulu inandiuza kuti thandizo latha. Ndinati ehe, galu wamkota sakandira pachabe. Kuti anatumidwa ndi ndani, musandifunse. Tsiku lina ndinkati ndi anthu akale a chipani kwathu, tsiku lina ndinkati ndi a yunivesite, tsiku lina ndi boma la kuno. Chikomyunizimu chenichenicho chinali chitagwa kalekale, koma ine ndinali nditatsala ndi mantha ake.

Ndinatuluka m'gulu lathu la pafoni. Ndinasiya tchalitchi, chifukwa misonkhano ya amuna inkachitikira m'chipinda cha pansi, chonga chino tilimochi. Ndinayamba kusanthula foni ya Naphiri akamasamba. Pa pikiniki yathu ya chilimwe, ija timakumana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ku paki, ndinafika nditakhuta mowa. Ndinakwera pa tebulo, phazi lina m'mbale ya saladi, n'kuwaloza Bambo Phiri pamaso pa ana ndi akulu. "Kazitape uyu! Muuzeni anene amene amamulipira!" Iwo anali atagwira chotembenuzira nyama pamoto. Anangoti, "Alamu, tsikani, mugwa."

Kenako Tadala anabweretsa mnyamata, Mphatso, mwana wofatsa, woimba kwaya. Nditamva kuti anakumana kunyumba kwa a Phiri, ndinamufunsa mafunso ngati wapolisi, mpaka ndinamuuza kuti akhuthule zam'thumba mwake patebulo. Mnyamatayo anakhuthula ndithu, mwaulemu: makiyi, chingamu ndi tikiti ya basi. Tadala analira. Sabata yomweyo Naphiri anandilongedzera zovala. Sanakalipe. Anati, "Bambo a Tadala, ndatopa kukhala ndi munthu amene amandiyang'ana ngati ndamubera." Ndinatuluka ndi sutikesi ndi katoni ya mafilimu.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo, ndipo apa ndiyenda pang'onopang'ono.

Chinkhoswe cha Tadala ndi Mphatso chinachitikira mu holo ina konkuno ku Brampton, Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Mchimwene wake wa Naphiri, amene ndiye mwinimbumba, anakanizidwa chitupa cholowera m'dziko lino. Ndiye banja linagwirizana kuti nkhoswe ya kuchikazi akhale Bambo Phiri, poti mfunda ndi umodzi. Nditamva ndinati basi, zatheka, alanda mwana. Tadala ananditumizira uthenga wondiitana. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndibwere ndisanamwe.

Ndinasita suti. Ndinanyamuka ndisanamwe, Mulungu ndi mboni. Koma nditafika pamalo oimika magalimoto n'kuona anthu onse aja a ku pikiniki akulowa, ndinabwerera kukagula kabotolo koti kandilimbitse. Nditabweranso sindinatsike. Ndinaimika galimoto pakona pamene ndinkaona khomo, n'kutulutsa foni, n'kuyamba kujambula manambala a magalimoto a alendo. Bambo wa mkwatibwi, mu suti, kujambula manambala! Ndinkadziuza kuti ndikusonkhanitsa umboni.

Chifukwa cha kutentha anatsegula zitseko zonse, ndiye ndinkaona mkati. Ndinaona atsikana akulowa atafunditsidwa zitenje kumutu, akuchimuna akuvundukula mmodzimmodzi kufuna wawo, anthu akuseka. Atamuvundukula Tadala nthungululu zinamveka mpaka pamsewu. Ndinaona akupatsana khasu ndi nkhwangwa zogula m'sitolo ya kuno, lichero ndi mthiko zochokera kumudzi. Ndinaona ankhoswe akusinthana nkhuku, zootcha kale chifukwa eni holo anakana zamoyo, Bambo Phiri akunyema yawo n'kudya ndi nkhoswe ya kuchimuna.

Ine m'galimotomo ndinkadikira chinthu chimodzi. Ndinkadikira pamene mwambo uime, woyendetsa mwambo ayang'ane uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Kodi bambo a mwana ali kuti?" Ndinkafuna aone kuti popanda ine sizingayende. Ndinadikira. Nyimbo inatha, ina inayamba. Anthu anayamba kufupa. Palibe pamene panaima.

Abale, ine ndine Mchewa wa ku Dedza. Ndinkadziwa kuyambira ndili mwana kuti chinkhoswe ndi cha ankhoswe, mwana ndi wa mbumba ya amake, bambo ndi mkamwini chabe. Bambo akhalepo, asakhalepo, nkhuku idyedwa. Ndinali nditawerenga mabuku a azungu onena za mafilimu awo mpaka kuiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Mwambo sunkandifuna. Ngati ndinali ndi malo mu holo imeneyo, sanali malo a mwambo. Anali malo amene munthu wina anandisungira mwa kufuna kwake.

Ndili mkati moganiza zimenezo ndinamva kugogoda pagalasi. Anali Tadala, atavala diresi lake la chitenje, ndalama zofupidwa zitamatirira paphewa. Mwana wanga Chichewa chimamuvuta, amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anayesetsa. Anawerama pawindo n'kunena mawu amodziamodzi, ooneka kuti anachita kuwakonzekera.

"Adadi, mpando wanu ulipo. Kutsogolo. Bwerani."

Anali atasunga mpando, pafupi ndi amake, n'kuikapo kachikwama kake kuti wina asakhalepo. Anali ataona galimoto yanga kuyambira pachiyambi.

Mukuganiza kuti ndinatani? Ndikanatsika. Ndikanatafuna chingamu, ndikanagwira dzanja lake. Kuchokera pagalimoto kukafika pakhomo sipanali patali. Koma ine ndinamuonetsa foni. Ndinati, "Mwana wanga, taona magalimoto awa. Iyi ndinaiona ku pikiniki. Iyinso. Anthu amenewa si abale ako, atumidwa. Lowa m'galimoto tithawe."

Anayang'ana foniyo. Anayang'ana botolo limene linali pakati pa miyendo yanga. Sanalire ngati tsiku la Mphatso lija, ndipo ndikanakonda akanalira. Analowetsa dzanja pawindo, n'kuzula makiyi. Chichewa chinathera pomwepo. Anati, "Go home, Dad." Pitani kwanu. Anatembenuka n'kulowa mu holo. Ndinamuona akupita pampando paja, n'kuchotsa kachikwama kake. Mayi wina wonenepa amene anaimirira nthawi yonseyi anakhalapo.

Amene anatuluka ndi makiyiwo anali Bambo Phiri, manja akadali ndi mafuta a nkhuku. Anatsegula chitseko n'kuti, "Alamu, sendererani uko, niyendetse ine." Nkhoswe kusiya chinkhoswe cha mwana chili mkati kuti akatule chidakwa chimene chinawatukwana pagulu. Ndinalibe mphamvu yokana.

Tili panjira, pa maloboti ena, ndinawafunsa. Aka kanali koyamba kuwafunsa maso ndi maso, osati kukuwa patebulo.

"Tsiku lija kutchalitchi, munandifunsiranji mafunso onse aja?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mafunso ati?"

"Kwanu n'kuti. Mfumu yanu ndani. Mkazi wanu ndi mwana wa ndani."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Alamu, nanga kwanu ku Dedza mlendo mumamufunsa chiyani? Ine ninali nangofika kuno. Mkazi wanga anali atamwalira chaka chomwecho ku Lusaka. Nyumba yonse inali zii. Sande iliyonse nenze kufunsa aliyense watsopano, kuti mwina ningapezeko wa mfunda wanga. Ninali kufuna m'bale chabe."

Maloboti anasintha, galimoto ya kumbuyo inaliza hutala. Ine ndinasanza pa suti yanga.

Mafunso amenewo ndi omwe amayi anga ankafunsa mlendo aliyense wofika pakhomo asanamupatse madzi. Ndi omwe inenso ndinkafunsa kale. Munthu ankandifunafuna kuti ndikhale m'bale wake, ine n'kumuyika m'filimu.

Kubwerera kwake kulibe zokoma, ndikuuzani zimene ndinachita basi. Lolemba Bambo Phiri ananditengera kwa dokotala, ndipo ndinanena zonse, za mowa ndi za akazitape zomwe. Musabise mbali yachiwiriyo ngati muli nayo. Dokotala sanaseke. Anandigoneka m'chipatala mpaka manja atasiya kunjenjemera, n'kundipatsa mapiritsi amene ndikumwabe. Katoni ya mafilimu ija ndinakaisiya ku sitolo ya kaunjika. Ndinasintha basi yopita kuntchito, chifukwa yakaleyo imaima pakhomo penipeni pa sitolo ya mowa. Yatsopanoyi imazungulira, ndimafika nditatopa, koma ndimafika. Galimoto ndinagulitsa. Pa pikiniki yotsatira ndinaimirira pansi, osati patebulo, n'kupepesa pamaso pa onse. Ena anandigwira dzanja. Ena anayang'ana kumbali n'kukokera ana awo pafupi, ndipo sindiwada.

Ndipo pali lamulo limodzi limene tinapangana ndi alamu angawa. Maganizo aja sanathe, amabwerabe. Munthu akandiyang'ana m'basi, mutu umayamba kulumikiza zinthu. Lamulo ndi lakuti ndikakayikira chinthu ndizifunsa mokweza kwa mwiniwake, ndipo yankho loyamba limene wandipatsa ndilitenge momwemo, osalisenda kufuna za mkati. Kwa munthu amene moyo wake wonse anaphunzira kufufuza zobisika m'chithunzi chilichonse, lamulo limeneli ndi lovuta kuposa kusiya mowa.

Sindikunamizani kuti mukasiya mowa zanu zonse zibwerera. Madzi akatayika saoleka. Naphiri amandiyankha moni kutchalitchi, basi. Buku lija silidzalembedwa. Ndakalamba ndikunyamula makatoni ndi anyamata a msinkhu wa mwana wanga. Masiku ena ndimadzuka n'kudzifunsa kuti ndikusiyiranji, popeza amene ndinkafuna kumusangalatsa sakuona n'komwe. Ndimangovala nsapato n'kupita pa siteji ya basi.

Ukwati wa kutchalitchi unachitika ku Oakville. Sanandiitane. Tadala anatuma alamu anga kuti andiuze kuti si chidani, koma sangathe kuthera tsiku lake akuyang'ana pamalo oimika magalimoto. Amene anamuperekeza kuguwa ndi Bambo Phiri. Ine tsiku limenelo ndinapempha shifiti yowonjezera.

Patapita masiku anabwera kuchipinda kwanga ndi foni yawo, n'kuti, "Muona, kapena nisunge?" Ndinati ndiona. Tinakhala pabedi, poti mpando ndili nawo umodzi. Wojambulayo anali wosadziwa ntchito, chithunzi chikugwedezeka, koma ndinamuona mwana wanga atavala zoyera, akulowa m'tchalitchi atakolowekana mkono ndi bambo awa. Anayenda pang'ono. Kenako anaima. Anatembenuza mutu n'kuyang'ana kumbuyo, kukhomo, kanthawi ndithu, asanapitirize.

Abale, mtima wanga unalumpha. Ine ndaphunzitsapo zimenezi m'kalasi. Munthu akayang'ana kunja kwa chithunzi, ndiye kuti pali amene akumuyembekeza. Ndinabweza filimuyo. Ndinaibwezanso. Ndikanatha kungokhala chete n'kusunga zimenezo mumtima, zikanandidyetsa zaka zambiri. Koma lamulo ndi lamulo. Ndinafunsa mokweza.

"Alamu, pamene anachewukapa, ankayang'ana ine?"

Bambo Phiri anayang'ana pansi. Ndinaona kuti akulimbana nazo, chifukwa ndi munthu wachifundo. Koma tinapangana kuti sadzandinamiza.

"Iyayi, alamu," anatero. "Nsalu yake ya kumutu inakodwa pachitseko."

Ndinati, "Chabwino." Ndinalitenga yankholo momwemo. Ndinawabwezera foni yawo, ndinawaperekeza pakhomo, ndipo tsiku limenelo sindinamwe.

Mwezi wathawu ndinawapempha kuti akamuuze Tadala kuti sindikumwabe. Anakamuuza. Ndinafunsa kuti wati chiyani. Akuti anangoti, "Okay." Mutu wanga ukufunitsitsa kusenda liwu limenelo, kuti mwina analinena mofewa, mwina anapumira kaye. Sindikulisenda. Wati okay.

Inu amene mwabwera koyamba lero, makamaka achimwene mwakhala pafupi ndi khomo ngati mukufuna kuthawa, sindikudziwa filimu imene ikuzungulira m'mutu mwanu. Koma ngati kwinakwake kuli munthu amene waika kachikwama pampando kuti wina asakhalepo, tsikani m'galimoto lero lomwe. Pampando wanga anakhalapo mayi wina, ndinaona ndi maso angawa.

Zanga zathera pamenepa. Alamu, mukanyamuka mundiuze, tikwerere limodzi basi.